Galimoto Yokana Kukankhidwa pa Ukwati wa Vero

Ndinene poyambirira kuti nkhani iyi sindiikamba mokondwa. Anthu a kuno ku Kanakantapa akhala akuikamba m'malo mwanga, aliyense akuthirako mchere wake, moti ena amafika ponena kuti tsiku limenelo ndinalira. Sindinalire ayi, linali thukuta. Ndiye ndati bwanji ndiikambe ndekha, mumve bwinobwino, muweruze kuti wolakwa anali ndani: ine, kapena anthu amene anakhala pansi ndi masukulu awo onse n'kupanga galimoto yokana kukankhidwa.

Munali m'zaka za m'ma 1990, nthawi ija galimoto zogwirapo kale ntchito za ku Japan zinayamba kusefukira mu Lusaka. Ine ndinali nditachotsedwa ntchito m'tauni n'kubwera kudzalima kuno. Ndinali ndi vanete yanga yakale, yokalamba ndithu, koma yaulemu. Ikadwala inkanena pamene pakupweteka. Paipi ikasweka ndinkamanga ndi malegeni, thanki ikadontha ndinkamata ndi sopo, chitseko chikagwa ndinkakoleka ndi waya, ulendo n'kumapitirira. Ikakana kulira m'mawa, munkangoitana anthu, mwaika giya yachiwiri, akankha, mwasiya kalachi, vuuu, basi mwapita. Aliyense woyendetsa galimoto kuno ankadziwa mwambo wake: madzulo galimoto umaiimika pa chulu kapena pamtsetse, mphuno kuyang'ana kumunsi, batire n'kulizula kukalizira wailesi m'nyumba. Magetsi kunalibe, ndiye batire lizigona panja lokha likutani?

Chaka china tomato anachita bwino, mutu wanga n'kukula. Ndinagulitsa vanete ija n'kukagula ya ku Japan, yoyera mbee, mipando yofewa, mawindo otsika okha ukadina kabatani. Pansi panali zopondera ziwiri zokha, kalachi palibe. Mnyamata wogulitsa anandisisita paphewa.

“Mudala, iyi ni otomatiki. Simuzavutika nayo, iganiza yeka.”

(Ndikanakhala wochenjera ndikanafunsa kuti nanga tsiku limene idzaganize zoipa ndidzatani. Koma ndinali kalikiliki kutsitsa ndi kukweza windo.)

Tsono nthawi yomweyo mwana wanga woyamba, Veronika, amene timangoti Vero, anali pafupi kukwatiwa ndi mnyamata wa ku Lusaka. Bambo a mnyamatayo, asewere anga, ndi munthu wa m'tauni weniweni, wovala tayi ngakhale pobwera kumunda. Pa tsiku lokambirana za ukwati anayang'ana khola langa, anayang'ana msewu wathu wafumbi, kenako n'kunena mokoma mtima kwambiri, kukoma mtima kuja kolasa:

“Asewere, tizatumako motoka yotenga mkwatibwi. Tiziba kuno ku mafamu mayendedwe ni ovuta.”

Abale inu, magazi anawira. Ndinaimirira pamaso pa achibale onse n'kunena kuti mwana wanga adzafika pa tchalitchi ali m'galimoto ya atate ake, osati ya munthu wina. Anthu anaomba m'manja. Mkazi wanga, amake Vero, sanaombe.

Mumvetse chinthu chimodzi apa. Bambo Mfumu a ku mishoni kwathu sankadikira munthu. Maukwati onse a mwezi umenewo ankawadalitsa pa Misa imodzi, Loweruka m'mawa, ndipo Misa ikangotha ankakwera njinga yawo yamoto kupita kumatchalitchi akumidzi. Wochedwa ankauzidwa kuti abwere mwezi wamawa. Ife ng'ombe tinali titapha kale, munkoyo, thobwa la kuno, titafulula diramu lathunthu, achibale atabwera kuchokera ku Katete konse. Kuphonya Misa imeneyo kunali kuphonya ukwati wa mwana wanga.

Lachisanu madzulo achibale aja anafuna nyimbo. Wailesi ya kaseti inalipo, mabatire ake atatha. Ndiye ndinachita zimene mwamuna aliyense wa kuno akanachita. Ndinakweza galimoto pa chulu cha kuseri kwa nyumba, mphuno kumunsi, ndinatseka mawindo onse kuopa fumbi ndi nkhuku, n'kuzula batire. (Amake Vero amati nkhani iziyambira pamenepa. Ine ndikukana, chifukwa pamenepa palibe chachilendo.)

“Atate ake Vero,” anatero amayiwo atandiona ndalinyamula, “motoka iyi simunaizolowere. Bwanji osaisiya mmene ilili mpaka mawa?”

“Amayi, ine ndinayamba kuyendetsa galimoto inu musanaphunzire kupalasa njinga. Likatha batire tikankha.”

Anthu anavina rumba mpaka woimba wa m'kaseti anayamba kukoka mawu ngati woledzera. Ine ndinagona mtima uli m'malo.

Kutacha, lole yonyamula alendo ndi a kwaya inafika. Woyendetsa anafunsa ngati adikire kuti tinyamukire limodzi. Ndinamuseka. Ndinati atsogole, tikawapitirira panjira, angosamala fumbi lathu. Lole inapita. Pakhomo panatsala amayi ophika, amuna owotcha nyama, ndi ife. Galimoto anaikongoletsa ndi maliboni, ine ndinabwezera batire, n'kuvala suti. Vero analowa kumbuyo ndi amake, diresi loyera, velo kumaso. Alangizi anali atamuuza kuti mkwatibwi sayankhula ndipo sayang'ana uku ndi uku, amazolika mpaka ku guwa. Anakhala phee, maso pansi.

Ndinapotokola kiyi. Ke-ke-ke. Tinyali tofiira tinaphethira n'kuzima. Sindinadandaule ngakhale pang'ono, si ndinaiimika pa chulu dala? Ndinatsegula chitseko n'kuitana amuna a ku nyama aja kuti abwere angoigusa pang'ono.

Anakankha. Galimoto nji! Anakankhanso, akufuula pamodzi, misempha ya m'khosi kutuluka. Galimoto osasuntha ngakhale chala chimodzi. Tangoganizani, chinthu cha matayala anayi, chili pamtsetse, mphuno kumunsi, amuna odya bwino akuchikankha, icho n'kukana! Ndinayesa kusuntha giya, yakakamira pa chilembo cha P, siikupita kutsogolo siikupita kumbuyo. Ndinaikoka, ndinaimenya ndi chibakera, ndinainyengerera. Pambuyo pake ndinadzamva kuti anaipanga dala choncho, akuti batire likafa giya imadzitsekera. Dala! Munthu anadzuka m'mawa, anasamba, anapita kuntchito kukapanga zimenezo, n'kulandira malipiro.

“Itanani a Tembo,” wina anatero.

A Tembo ndi amene ankakonza chigayo cha kwathu, komanso mathirakitala, mapampu ndi njinga. Anafika ndi thumba la masipanala, akutafuna nyama imene anatola podutsa pamoto. Anatsegula boneti n'kuima kakasi. Mkatimo munali mawaya okhaokha ndi timabokosi takuda.

“Mudala, kabuleta ili kuti?”

“Mukufunsa ine? Makaniko si inu?”

Anazungulira uku, anasuzumira uko, anagwedeza mutu mwachisoni.

“Anakubelani. Motoka iyi ilibe kabuleta.”

Ndinawauza kuti kabuleta tidzaifuna Lolemba, pakali pano angomasula giya. Analowa ndi sikuludiraiva, anatokosa m'mbali mwa giya muja, china chake chinalira thyo, kapulasitiki n'kudumphira m'mwamba, giya n'kumasuka. Anthu anakuwa ndi chimwemwe. Ndinakhala pampando, ndinawongola tayi, ndinatukula dzanja kuti akankhe.

Ulendo uno inayenda, ndipo inayenda kwambiri. Ikutsika chulu ndinaponya giya kutsogolo, phazi lamanzere likupondaponda pansi kufuna kalachi imene kulibe. Injini zii. Ndinati ndikhote, chiwongolero chauma gwa. Ndinati ndiponde buleki, yalimba ngati mwala. (Akuti zonsezi zimafewa injini ikalira. Ndiye injini ikapanda kulira munthu azifa?) Kutsogolo kwanga kunali chisakasa chimene amayi ankaphikira. Ndinayesa hutala, nayonso yafa. Ndinangofuula ndi pakamwa, mawindo ali otseka, osamveka. Amayi aja anaona okha, anamwazikana mithiko ili m'manja, ife n'kukaomba diramu la munkoyo, gu!

Munkoyo unakhuthukira pa boneti, pa galasi, pa maliboni. Kumbuyo amake Vero ankaitana oyera onse ndi mayina awo. Anati atsegule chitseko, chakana. Anati atsitse windo, kabatani kafa. Unali mwezi wa Okutobala, mkatimo munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Mpaka munthu wakunja ndi amene anawatsegulira, chifukwa zitseko zakumbuyo nazo zinali ndi nzeru zake, akuti zoteteza ana. Amayiwo anatuluka, duku lili pambali, n'kulumbira kuti m'bokosi limenelo salowamonso.

“Vero, tuluka mwanangu. Tikwere njinga, tikapeza Misa ikalipo.”

“Asatuluke!” ndinatero ine. “Ndinanena pamaso pa anthu. Mwana wanga wa diresi loyera akafike pa kaliyala ya njinga, asewere akuona?”

Vero sanayankhe. Alangizi anali atanena, ndipo iye ndi mwana womvera. Anangokhala chozolika, thukuta likuyenderera pansi pa velo.

A Tembo anati vuto ndi laling'ono, akatenge batire la kuchigayo. Anapita, anabwera nalo pa njinga, analumikiza. Zimene zinachitika kenako sindidzaziiwala. Galimoto inakuwa. Sindikunena kulira kwa injini ayi, ndikunena kukuwa: wiyuwiyuwiyu, hutala pipiii, nyali zonse kuphethira. Agalu a mafamu atatu anayankha. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti muli alamu yoopseza akuba. Ndinapotokola kiyi, injini ikutembenuka koma kulira ayi, chifukwa galimotoyo inali itatsimikiza kuti ikubedwa. Galimoto yanga yomwe, yogula ndi tomato wanga, pakhomo panga, pamaso pa achibale a ku Katete, kunditcha ine wakuba! Vanete yanga yakale inandichititsapo manyazi kangapo, koma sinandinamizirepo mlandu.

“A Tembo, itontholetseni!”

Anatulutsa pulayala. Anadula waya wofiira, ikukuwabe. Anadula wobiriwira, zopukutira galasi zinayamba kuvina zokha. Anadula wina, n'kudulanso wina, mpaka kunati zii. Ndinapotokola kiyi. Ngakhale ke-ke-ke uja kunalibe. A Tembo anapukuta manja pa ovolosi, n'kunena modekha ngati dokotala wotuluka m'chipinda cha wodwala:

“Manje yafa bwinobwino. Iyi ifunika kompyuta, mudala. Ku Lusaka.”

Kompyuta! Kuti mwana wanga akwatiwe pakufunika kompyuta! Ndinawauza a Tembo mawu ena amene pambuyo pake ndinakawaulula kwa ansembe. Iwo anangolongedza masipanala awo, n'kubwerera kumene kunali nyama.

Dzuwa linali litakwera. Amake Vero anabwera ndi mnansi wathu wina amene ali ndi ng'ombe zapagoli, akuti amange ngolo, ayalemo matiresi ndi zitenje, mwana apite. Apa ndi pamene ndinaonetsa nzeru zimene anthu amandikumbukira nazo mpaka lero. Ndinati ng'ombe ndavomera, koma ngolo ayi. Ng'ombezo zikoke galimoto.

“Atate ake Vero, mwapenga?”

“Ndinati adzafika ali m'galimoto ya atate ake. Sindinanene kuti idzakhala ikulira.”

Tinakoleka tcheni ku bampala. Ng'ombe zitangoti gugu, bampala yonse inazuka n'kumazitsatira yokha, galimoto ili pomwepo. Pulasitiki, abale! Kunja kuwala ngati chitsulo, kumeneko ndi pulasitiki ya mabeseni. Ndinavula jekete, ndinakwawira pansi pa galimoto m'matope a munkoyo, ndinafufuza ndi manja mpaka ndinapeza chitsulo chenicheni, n'kumanga tcheni. Potuluka, manja anali bii ndi girisi, malaya osanena. Madzi osamba ndinawakana, nthawi inali itatha.

Tinanyamuka. Kutsogolo mwini ng'ombe ndi chikwapu, kenako ng'ombe ziwiri, kenako galimoto ya ku Japan ya maliboni onyowa, ine ndikulimbana ndi chiwongolero ndi manja onse awiri. Amake Vero ankayenda pansi m'mbali, dzanja lina atagwira chitseko chotsegula kuti mwana apume, lina akumukupiza ndi chivundikiro cha poto. Ng'ombe sizidziwa kuti Misa ndi chiyani. Ina inkaima kuchita zake pakati pa msewu, ife n'kudikira. Ntchentche zinamva fungo la munkoyo n'kutiperekeza. Anthu ankatuluka m'minda kudzaonerera, ena akululuta, sindikudziwa ngati ankalulutira ukwati kapena ine. Minibasi ina inatipitirira, kondakitala n'kutulutsa mutu:

“Mudala, ipatseni udzu izathamanga!”

Ndinayang'ana kutsogolo ngati sindinamve. Pa kagalasi koonera kumbuyo ndinkaona Vero ali chizolikire, manja pamiyendo, osanena kanthu. Ine ndinkati ndi ulemu.

Tikulowa pa mishoni, belu linali litasiya kale. Anthu ankatuluka m'tchalitchi, maukwati ena aja akuvina pabwalo, kwaya ikuwaperekeza. Onse anaima n'kutembenuka. Nyimbo inafera pakamwa. Pa masitepe panali mkwati, maso ofiira, pambali pake asewere anga, tayi ili bwinobwino. Anatsika pang'onopang'ono, anayang'ana ng'ombe, anayang'ana pamene panali bampala, n'kundigwadira pang'ono mwaulemu wonse.

“Mwafika bwino, asewere? Motoka yabwino maningi.”

Nthawi yomweyo ndinamva njinga yamoto ikulira kuseri kwa tchalitchi. Bambo Mfumu anali atavala kale chisoti. Ukwati wa mwana wanga unali kupita kumidzi pa matayala awiri.

Pamenepo Vero anaiwala alangizi. Anatuluka m'galimoto, anakwinya diresi m'manja, anathamanga kudutsa pakati pa anthu, n'kukagwada m'fumbi patsogolo pa njinga ija.

“Bambo, chonde. Nakonzeka kuyambira m'mawa. Mulandu si wanga.”

Bambo Mfumu anamuyang'ana. Anayang'ana ng'ombe. Kenako anayang'ana ine, n'kuzimitsa njinga. Anati chifukwa cha mwanayu adalitsa, koma Misa yatha, ndipo zichitike msanga chifukwa akhristu akuwadikira kwina.

Tinaima pakhomo la tchalitchi. Mkati munali mabenchi opanda anthu, makandulo atazimitsidwa kale, maluwa a maukwati a anzake ali mbwee pansi. A kwaya ena anali atabalalika kukafuna madzi akumwa. Vero anatukula velo n'kundiyang'ana, koyamba tsiku limenelo. Misozi inali itajambula mizere pa paudala.

“Atate, ine sininapempheko motoka. Nenze kufuna chabe kulowa pamodzi na anzanga, kwaya ikuimba.”

Ine amene m'mawa wonse ndinali ndi yankho pa chilichonse, ndinangoti kukamwa yasa. Zinandipweteka kuposa mawu a asewere, kuposa kondakitala uja, ndipo zimandipwetekabe. Ndinaganiza kuti chimene chatsala ndi kumugwira mkono, ndimulowetse ngati tate. Ndinamugwira mwachikondi, tinayenda mpaka ku guwa, ndinamupereka kwa mwamuna wake. Nditachotsa dzanja, amake Vero anatulutsa kamawu kumbuyo kwanga. Pa mkono wa diresi loyera lija panali dzanja langa lonse, zala zisanu za girisi, zooneka bwino kuchokera ku benchi yomaliza. Wojambula zithunzi sanachitire mwina. Chithunzi cha ukwati chili pakhoma kwa Vero mpaka lero, ndipo mlendo aliyense amayamba kufunsa za dzanjalo asanafunse za mkwati.

Galimoto ija ng'ombe zomwezo zinaibweza kunyumba. Inakhala pansi pa mtengo mvula yonse. Amakaniko a ku Lusaka ankabwera mosinthana, uyu akuti ndi kabokosi ka kompyuta, uyo akuti ndi mawaya a Tembo, winanso akuti chitsulo chake chiyenera kuchokera kutsidya kwa nyanja. Aliyense ankachoka ndi kachidutswa kokayeza, osabweranso. Ndimanenabe, ndipo ndidzanena mpaka kumanda, kuti galimoto imene mwini wake sangaikonze pansi pa mtengo si galimoto, ndi mlendo wovuta.

Mukandifunsa chimene ndinaphunzira, ndikuuzani kuti batire la otomatiki silizulidwa. Amake Vero amati ngati ndi chokhacho ndiye kuti sindinaphunzire kanthu. Mwina akunena zoona, chifukwa patapita zaka mng'ono wake wa Vero naye anapeza banja, ndipo ine ndinayamba kale kufotokoza za galimoto ina yabwino imene mnzanga akanandibwereka. Mwanayo anandimvetsera mpaka ndinamaliza, anagwada mwaulemu, n'kunena kuti:

“Atate, ine nizayenda na lole ya kwaya. Imwe nchito yanu ni imozi chabe: musambe m'manja, mukhale pansi.”